Zenera la Amayi

Anthu a mumsewu umenewo ankamutchula kuti Chiphaliwali, ndipo dzinalo sanamunamizire. Anali wojambula zithunzi, ndipo pamene ankayamba ntchitoyi ankawalitsa fulashi mopanda chisoni, moti akwati ankatuluka pachithunzi maso ali psuu, nkhope zili mbee, kumbuyo kwawo kuli bii. Koma munthu amaphunzira. Pofika nthawi ya nkhani ino anali atasanduka katswiri, kungoti dzina ndi limene linamukanirira ngati chingamu kunsi kwa nsapato.

Ukatswiri wakewo sankaubisa. Ankaulalikira kwa wofuna kumva ndi wosafuna yemwe.

"Fulashi ndi mlendo," ankatero uku akukonza ambulera yake yoyera, imene inkafewetsa kuwalako. "Kuwala kumene wakupeza m'chipinda ndiye mwini nyumba. Mlendo wamakhalidwe sakuwa kuposa mwini nyumba."

Kasitomala akangolakwitsa n'kufunsa tanthauzo lake, basi waputa mavu. Ankauzidwa kuti shata ndi chikope cha kamera. Chikaphethira msanga, kuwala kwa m'chipinda sikupeza mpata wolowa, ndipo chimene chimaoneka ndi munthu yekhayo amene fulashi yamumenya. Zina zonse zimamira mumdima. Koma ukachedwetsa chikopecho pang'ono, fulashi n'kuichepetsa mphamvu, chipinda chimadzuka: khoma, mpando, zenera, zonse zimabwera, ndipo munthu amaoneka kuti ali penapake. Anthu ankagwedeza mutu kuti zithe, koma zithunzi zake ankazikonda.

Panali munthu mmodzi yekha amene Chiphaliwali ankamujambula mwachikale muja, fulashi yonse, kumbuyo kuli bii. Munthuyo anali mayi ake omubereka.

Nyumba imene ankakhalamo inali ya makolo ake. Malemu bambo ake anaimanga ndi chipinda chachikulu kumaso, chokhala ndi zenera lalikulu loyang'ana kumsewu, ndipo panja pa zeneralo panali mtengo wa mandimu. Chimenecho chinali chipinda cha amayi. Iwo anali telala, ndipo makina awo osokera, opalasa ndi mapazi aja, anakhala pansi pa zeneralo kuyambira Chiphaliwali asanamere mano. Aliyense wodutsa ankapereka moni pazenerapo, amayi n'kuyankha mapini ali kukamwa.

Tsono mwini nyumba imene Chiphaliwali ankachitiramo ntchito anaganiza zoigwetsa kuti amange ina. Situdiyo inasowa kolowera. Iye anapita kwa mayi ake atapinda manja bwinobwino, n'kupempha chipinda chakumasocho kwa kanthawi kochepa chabe, mpaka atapeza malo ena. Amayi anamuyang'ana, n'kuyang'ana zenera, kenako anati, "Ntchito ndi ntchito, mwananga." Anasamukira m'kachipinda kakuseri, kosungiramo katundu. Pazenera lawo panakhomedwa chinsalu chakuda chokhuthala, chifukwa wojambula amafuna kuwala komumvera.

Kanthawi kochepako kanakula n'kumera ndevu. Mvula inabwera, inapita, inabweranso. Malo ena anapezeka ndithu, koma ena anali kutali, ena anali opanikiza, ena anangokhala ndi vuto limene Chiphaliwali yekha ankaliona. Zoona zake n'zakuti chipinda cha amayi chinali chabwino kwambiri, ndipo iye anachizolowera.

Kachipinda kakuseriko kanalibe zenera. Kanali ndi timabowo ta mpweya pamwamba pa khoma, ndi babu limodzi lofooka. Bedi linakanikizana ndi makatoni a mafelemu, zoimikira nyale zothyoka, ndi njinga yopanda tayala imene aliyense ankati adzaikonza. Makina osokera anaima pakona atafunditsidwa nsalu. Amayi anasiya kusoka, ndipo Chiphaliwali ankauza anthu kuti ndi maso, ukalamba wafika. Ananena zimenezi kambirimbiri mpaka anayamba kuzikhulupirira yekha.

Mlongo wake wamng'ono anali namwino mumzinda wakutali kwambiri, ndipo ntchito sinkamulola kubwera. Amayi anali ndi kafoni ka mabatani, koyankhulira basi. Choncho namwinoyo akapukwa mayi ake, ankapempha mchimwene wake kuti amutumizire chithunzi. Amayi ankakana kutulutsidwa panja chifukwa cha chithunzi. "Maondo angawa si ako," ankatero. "Undijambule pomwe ndili pano." Ndiye Chiphaliwali ankawakhazika m'mphepete mwa bedi, chikope cha kamera n'kuchifulumizitsa, fulashi n'kuikweza mpaka kumapeto. Nkhope ya amayi inkatuluka yowala bwino. Makatoni, njinga ndi khoma lachinyezi zinkasowa ngati sizinakhaleko. Mlongo wake sankadziwa n'komwe kuti amayi anasamuka.

Tsiku lina m'mawa foni inalira iye akumwa tiyi pakhonde lakuseri.

"Achimwene, ndili ndi funso," anatero namwinoyo atatha moni. "Kodi kwanuko dzuwa linasiya kutuluka? Chithunzi chilichonse cha amayi kumbuyo kwawo ndi usiku."

"Ndi sitayilo imeneyo, chemwali," anayankha akuseka kuseka kwa mano okha. "Anthu amalipira kuti ajambulidwe choncho."

"Sitayilo yanuyo khalani nayo. Ine ndapukwa kwathu. Ndikufuna amayi ali pazenera pawo, ali pamakina, mandimu aja akuoneka panja. Ndikufuna ndipachike pakhoma kuti ndikaweruka ndizimva ngati ndafika kunyumba. Si inu mumatibowa ndi nkhani za mlendo ndi mwini nyumba? Ndionetseni mwini nyumbayo."

Tiyi anamuwawira m'kamwa. Anati chabwino, ndi nkhani yaing'ono imeneyo, n'kudula foni. Anakhala pamenepo akuyang'ana kapu. Njira zinali ziwiri: kuuza mlongo wake kumene anaika mayi awo, kapena kukapempha mayiwo kuti amuthandize kunama. Anasankha yachiwiri, ndipo anadziwa kuti wasankha yamantha.

Anagogoda pachitseko cha kachipindako, ngakhale chinali chotsekula. Kunja dzuwa linali litakwera, koma m'katimo maso ake anatenga nthawi kuti awapeze mayi ake. Anali atakhala pabedi, manja ali pamiyendo.

"Amayi, chemwali anaimba."

"Ndamva. Foni yako imakuwa ngati ya pamsonkhano."

Mawu amene Chiphaliwali anawakonza panjira anabalalika onse.

"Ndiye ndimati mwina, kwa kanthawi kochepa chabe…"

Atangotero anazindikira kuti mawu amenewo anawanenapo kale, ndipo nkhope inamutentha. Amayi sanamukumbutse. Anangotambasula dzanja n'kuloza sutikesi imene inali pamwamba pa makatoni.

"Nditsitsire imeneyo, muli diresi yanga yabuluu. Mlongo wako ali yekha kutali, amagwira ntchito ndi odwala tsiku lonse. Tisamuwonjezere katundu."

Chiphaliwali akanakonda amayi akanamukalipira. Munthu akakukalipira umapeza poyankhira, koma apa anasowa pogwira.

Ntchito yosandutsa situdiyo kuti ikhalenso chipinda cha amayi anaigwira ndi mkazi wake. Mkaziyo anali wosalankhulalankhula, koma akalankhula ankasiya chipsera. Anakankhira nyale ndi zingwe kumbuyo kwa kamera. Anapinda chinsalu chojambulidwa mathithi chimene makasitomala ankaimirira kutsogolo kwake. M'katoni ina anapezamo makatani akale a amayi, a timaluwa tachikasu, akununkha nkhungu. Kenako ananyamula makina aja, wina uku wina uku, akupuma pakhomo lililonse.

"Bedi tibweretsenso?" anafunsa mkaziyo akupukuta thukuta.

"Ayi, silidzaoneka pachithunzi."

"Ohoo. Tikukonza pokhapo pooneka."

Chiphaliwali anachita ngati sanamve. Anakwera pampando n'kuyamba kuzula misomali ya chinsalu chakuda. Msomali womaliza utachoka, chinsalucho chinagwa pansi ndi fumbi lake, ndipo dzuwa linalowa m'chipindamo lonse nthawi imodzi. Iye anali ataiwala kuti chipindacho chinali chowala chonchi. Pakhoma panaoneka malo otuwa pamene panali wodilopu ya amayi, ndipo pasimenti panali timaenje tinayi, pamene miyendo ya makina inadya pansi pa zaka zonse zija. Atakankha makinawo, miyendo inalowa m'timaenjemo yokha.

Amayi anabwera pang'onopang'ono atagwira khoma, atavala diresi yabuluu ija, mpango uli bwinobwino kumutu. Pakhomo anaima n'kutsinzina. Misozi inatuluka, ndipo anaipukuta ndi kuseri kwa dzanja.

"Ndi dzuwa," anatero, ngakhale panalibe amene anafunsa. "Maso anazolowera kwina."

Anakhala pampando wawo n'kuvundukula makina. Chiphaliwali ankayembekezera dzimbiri, koma chitsulo chinali kunyezimira, ndipo gudumu linazungulira mopanda phokoso amayi atangolikhudza ndi chala. Apa m'pamene anadziwa kuti nthawi yonseyi mayi ake ankawathira mafuta makinawo, mumdima momwemo, mopapasa. Anathawira kuseri kwa kamera, chifukwa kumeneko munthu amabisa nkhope popanda womufunsa.

Kujambula munthu amene wakhala pazenera si masewera. Panja pamawala kwambiri, m'kati mumachepa kuwala. Ukatsatira nkhope, zenera limapserera n'kukhala loyera mbee, mtengo osaoneka. Ukatsatira zenera, munthu amasanduka chithunzithunzi chakuda. Chiphaliwali anayamba ndi panja, monga ankachitira nthawi zonse. Anasintha kamera mpaka mandimu anaoneka achikasu, masamba obiriwira, msewu ndi mpanda wa tsidya lina zili m'malo mwake. Amayi anatuluka akuda bii. Kenako anayatsa fulashi, n'kuilozetsa mu ambulera, n'kujambula. Inakuwa kwambiri: chipumi cha amayi chinanyezimira, ndipo pakhoma panagwa mthunzi wonama. Anaichepetsa. Anajambulanso, n'kuichepetsanso. Anasuntha ambulera kuti kuwala kwake kubwere kuchokera mbali ya zenera, kuti woona asadziwe kuti panali mlendo.

Ali kalikiliki choncho, amayi anatopa ndi kungokhala. Anatsekula kadirowa ka makina, n'kutulutsa ulusi wakuda. Anaunyowetsa kumilomo, n'kuweramira pasingano. Ulusi unalowa ulendo woyamba womwewo.

Chiphaliwali anaona zimenezi kudzera m'kamera, pafupi kwambiri, moti sakanatha kunamizira kuti sanaone. Amenewo ndiwo maso amene iye ankauza anthu kuti anatha. Mkazi wake, amene anaima pakhomo, anakhosomola kamodzi kokha.

"Apongozi," anatero amayi, "tandipatsirani chinsalu chili pansicho. Chikuyoyoka m'mphepete, chimandinyansa."

Mkaziyo anakutumula chinsalu chakuda chija n'kuwapatsa. Amayi anapinda m'mphepete mwake ndi chala, n'kuchilowetsa pansi pa singano, mapazi n'kuyamba kupalasa. Phokoso la makina linadzaza m'chipindamo, lomwe lija limene Chiphaliwali ankagona nalo ali mwana. Mapewa a amayi anawongoka. Milomo inayamba kung'ung'udza kanyimbo kosamveka bwino. Anali kusoka mpendero wa nsalu yotsekera zenera lawo lomwe.

Phokosolo linatulukira panja. Mayi wina wa saluni ya tsidya la msewu, mnzawo wakale wa amayi, anaima ndi ndowa m'manja, kenako anawoloka chothamanga n'kusuzumira pazenera.

"Inu! Mulipo? Ife timayesa munapita kwa mwana wanu wamkazi! Bwanji osatuluka, anthu takusowani chonchi?"

"Ndilipo, anzanga," anayankha amayi, mapazi osaima. "Ndinangobisala pang'ono."

"Mwabisala zedi! A Chiphaliwali, amayiwa munawaika m'thumba?"

Mayi wa saluniyo anaseka, amayinso anaseka atatembenukira kuzenera, dzanja lili pansalu. Chala cha Chiphaliwali chinadina chokha, chifukwa chala cha mmisiri sichidikira kuti mwini wake amve bwino mumtima. Atayang'ana pagalasi la kamera anadziwa kuti pa moyo wake wonse sanajambulepo chithunzi chokoma chonchi. Dzuwa linagwira tsaya limodzi, fulashi inadzutsa tsaya linalo mwaulemu, makatani anawala, mandimu analendewera panja. Mlendo ndi mwini nyumba anagwirizana bwino lomwe. Chinali chithunzi cha mayi wosamalidwa, wokhala m'chipinda chake, ndipo chinali bodza kuyambira pamwamba mpaka pansi.

Anachitumiza pomwepo, kuti athane nazo. Yankho silinachedwe. Linali la mawu, ndipo foni yake yokuwa ija inalankhulira chipinda chonse.

"Achimwene, mwandiliza pantchito," anatero namwinoyo, mawu akunjenjemera. "Ndi momwemo ndendende mmene ndimakumbukira. Ndipo akusoka! Inu munkati maso anatha? Zikomo, achimwene. Ine ndili kuno sindichita kanthu, zonse ndinakusiyirani. Koma ndaona kuti amayi mukuwasunga bwino. Mulungu akudalitseni."

Uthenga unatha. Mkazi wake anayang'ana pansi. Chiphaliwali anamva manyazi amene sanawamvepo chibadwire. Madalitsowo anamupweteka kuposa mbama.

Amayi anamaliza mpendero, n'kudula ulusi ndi mano. Anapinda chinsalucho mwaukhondo, ngodya ndi ngodya, n'kuchiika patebulo la makina. Anakhalabe pang'ono akuyang'ana panja, mmene munthu amayang'anira basi imene sakwera. Kenako anagwira m'mphepete mwa tebulo n'kudzuka.

"Tatha eti? Bwezera chinsalu chako, tsopano sichiyoyokanso. Makasitomala angakupeze usanakonzeke." Anayenda mpaka pamene iye anaima. "Tandionetsa kaye."

Anawapatsa kamera. Amayi anaigwira ndi manja awiri, n'kuisendeza kutali pang'ono ndi maso, n'kuyang'ana nthawi yaitali.

"Koma ntchito umaidziwa, mwana iwe," anatero, ndipo munalibe mnyozo m'mawu awo. Ankanena zoona, monyadira. "Mandimu akuchita kuoneka ngati uthyole. Ukamatsuka cha mlongo wako, unditsukireko changa. Chachikulu, chofika apa." Anatambasula manja kusonyeza kukula kwake. "Ukandikhomere pakhoma la kuchipinda kwanga kuja, moyang'anana ndi bedi. Ndizikhala ndi poyang'ana. Kuja kulibe zenera."

Anamubwezera kamera n'kutuluka, atagwira khoma monga anabwerera.

Chiphaliwali anatsala chiimire. Iye amene ankaphunzitsa anthu osawadziwa za ulemu wa mlendo, anali atakhala m'chipinda cha eni mpaka mwini wake kufika popempha chithunzi cha zenera lake.

Mkazi wake anatola hamala ndi misomali pampando paja n'kumutambasulira. Iye anaziyang'ana, koma sanalandire. Anazimitsa fulashi, anapinda ambulera, n'kuzula chingwe pakhoma. Kenako analowera kuseri.

Anawapeza amayi atakhala kale pabedi, mumdima muja, akumasula mpango.

"Amayi, tadzukani pang'ono."

"Chinanso n'chiyani? Chithunzi sichinakome?"

Iye anawagwira mkono n'kuwakhazika pakatoni. Anakoka matiresi n'kuwasenza pamutu, zofunda zikulendewera, ndipo potuluka anagunda njinga ija n'kuigwetsa.

"Iwe, matiresi angawo ukupita nawo kuti?"

Anayankha nkhope ili yobisika pansi pa matiresi, ndipo anayamika kuti inali yobisika.

"Kuzenera, amayi."

"Nanga situdiyo?"

"Situdiyo sifuna zenera. Ikwana muno."

Iye anaima pakhomo ndi katundu wake pamutu, akudikira kuti mwina anena kuti zikomo, kapena kuti wachedwa, chilichonse chimene chingamupepuze. Koma iwo anangomanganso mpango wawo.

"Ukatula zimenezo," anatero, "umuimbire mlongo wako. Madalitso aja si ako, ukamubwezere."